Kadontho Kofiira pa Chala Changa

Okondedwa achemwali anga a Mwayiwathu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mayi ali bwanji ndi bondo lija? Akumwa mankhwala, kapena akubisabe pansi pa pilo? Ine kuno ndilipo, ndipo kamwana kali m'mimbamu kakukankha usana ndi usiku. Mwezi uno ndi wachisanu ndi chiwiri.

Mwadabwa kulandira kalata ya papepala ngati kale. Nambala yanga ija ndinaisiya. Mwaonanso kuti pamwamba palibe keyala. Sindinaiwale ayi. Khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto musanaimbire munthu aliyense.

Mukukumbuka nditakuuzani kuti amuna anga a Overton amandiperekeza kusikelo nthawi zonse? Munati tikanakhala ku Mponela, pachipatala chanucho, mukanatilowetsa poyamba, monga mumachitira ndi amayi obwera ndi amuna awo. Munatinso mukanawaimika kutsogolo kuti abambo ena atengerepo phunziro. Ine ndinaseka nanu limodzi. Tsiku limenelo mkono wanga wamanzere sunkakwezeka.

Achemwali, ankandiperekeza kuti ndisalankhule. Anayamba kundimenya chaka chatha. Shifiti ikatha mochedwa kunyumba yosamalira okalamba kuja, kapena basi ikachedwa, ndiye kuti ndinali kwa chibwenzi. Kumaso sankandikhudza. Lamulungu ankatsogolera kwaya kutchalitchi ku Peckham, azimayi n'kumandiuza kuti ndinachita mwayi. Ankandiopsezanso kuti ndikangoulula, azungu atithamangitsa tonse m'dziko muno.

Pakachipatala ka m'dera lathu ku Ilford pali mzamba wa ku Chipata, dzina lake Justina Chisenga. Mayi wamfupi, wa phokoso, woseka ngati inuyo mukalandira malipiro. Iyeyo ndiye anaona zimene tchalitchi chonse sichinaone. Funso lililonse limene ankafunsa ine, ankayankha ndi a Overton. Kunja kunkatentha, ine ndili m'juzi ya manja aatali. Poyeza bipi anandipinda dzanja la juziyo, zipsera zija poyera. A Overton anafulumira kunena kuti ndinagwa kuntchito ponyamula gogo wina. Justina anangogwedeza mutu, n'kundipatsa kabotolo koti ndikaikemo mkodzo.

M'chimbudzi cha azimayi, kuseri kwa chitseko, munali chikwangwani ndi timasitika tofiira, ting'onoting'ono ngati mphodza. Analembapo kuti ngati ukuopa munthu wa kunyumba kwako, umate kamodzi pansi pa botolo. Ndinatenga kamodzi. Ndinamata. Kenako ndinamva mawu a azakhali pachilangizo changa chija, akuti banja ndi kupirira, za m'nyumba sazitulutsa pabwalo. Ndinamatula.

Ndinabwerera ndi botolo lopanda kasitika pansi pake, osadziwa kuti kasitika kaja kakanirira pachala changa chachikulu. Polandira botolo, Justina anandigwira dzanja pang'ono, n'kukachotsa ndi chikhadabo, uku akucheza ndi a Overton za mpira. Iwo sanaone kanthu. Kenako Justina anawauza kuti kwatsala kuyeza kwina kumene abambo onse amatuluka, apite akamwe tiyi. Anatuluka akumwetulira.

Chitseko chitatsekedwa, Justina anasiya Chizungu, nayamba Chinyanja chake cha ku Zambia chija. Sanazungulire. Anandifunsa ngati pali munthu amene amandipweteka kunyumba. Ndinati zonse zili bwino. Iye anati palibe vuto, sandikakamiza, koma ndidziwe kuti palibe chimene mkazi angalakwe choti amenyedwere. Achemwali, ndinalira ngati pamaliro. Chichokereni kumudzi, palibe anali atandifunsapo funso limenelo.

Sanandiuze kuti ndipirire, sanandiuzenso kuti ndithawe. Anangofunsa ngati ndingabwerere kunyumba tsiku limenelo osaopa kuphedwa. Zimene ndinamuuza sanazilembe m'buku lasikelo limene ndinkapita nalo kunyumba. Ulendo wotsatira, nthawi ya kuyeza kotulutsa abambo kuja, m'chipindamo munali mayi wina wothandiza amayi ozunzidwa. Iyeyo ndiye anandifotokozera kuti viza yanga ndi ya ntchito yanga, sidalira a Overton.

Ndinapirirabe, pajatu ndine mwana wolangizidwa. Koma tsiku lina anandikankha, mimba n'kugunda m'mphepete mwa tebulo, mwana osagwedezeka mpaka madzulo. Pamenepo m'pamene mutu unabwerera m'malo. Sikelo yotsatira ndinalowera khomo lakutsogolo ndi a Overton, n'kutulukira lakumbuyo ndi mayi uja. Panopa ndili m'nyumba yobisika ya amayi okhaokha. Mwana anamuyeza, ali bwino.

Tsono ndili ndi mapempho awiri. A Overton aimba foni, ngati sanaimbe kale. Kulira amakudziwa, ndipo adzadandaula kwa amalume, ankhoswe athu, kuti andibweze. Chonde kakhaleni pansi ndi mayi inuyo nokha, muwauze mofatsa amalume asanafike. Ndikudziwa kuti achita manyazi kumpingo. Muwauze kuti manyazi amatha, koma akanalandira bokosi pabwalo la ndege.

Lachiwiri ndi la kuntchito kwanuko. Sindikunyoza abambo operekeza akazi awo, ambiri ndi abwino. Koma akabwera wina woyankha mafunso onse, mkazi ali chete maso pansi, musathamangire kumuwombera m'manja. Mutumeni panja kamphindi, mutseke chitseko, mumufunse mayiyo ali yekha. Akakana, musakwiye, mudzamufunsenso ulendo wina. Timasitika mwina mulibe, koma maso muli nawo. Anu aja ankandigwira ndikaba shuga.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa mayi makamaka. Mulungu akusungeni, ndipo muzindipempherera tsiku langa likuyandikira. Ndidzakuimbirani ndekha zinthu zikakhazikika. Mwanayu akakhala wamkazi, dzina lake mwalidziwa kale, ndi la mzamba uja.

Musandikwiyire pa za keyala. Ndakubisirani dala, chifukwa inu bodza simulitha. A Overton akakufunsani kumene ndili, mudzawauze kuti simukudziwa, ndipo mudzakhala mukunena zoona.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Chiyamiko