Jekete la Chisanu mu Julayi

Lolemba, 7 Julayi

Ndilemba pang'onopang'ono, zilembo zanga ndi za sukulu ya kwacha. Mwana wanga Boniface wanyamuka lero, iye, mkazi wake Sandra ndi kamdzukulu kanga Ulemu. Ulendo wa ku China, kwawo kwa Sandra. Unali ulendo wanganso, wokaonana ndi asewere anga. Chitenje chawo ndinagula kalekale, cha mbalame zobiriwira. Dzana Boniface anati, "Amayi, mawondo anuwa ndege sangaithe. Mukakhale kaye kunyumba ya okalamba ku Mississauga, masabata awiri basi." Ndinavomera. Chitenje ndawapatsira.

Lachinayi, 10 Julayi

Afika ku Xiamen. Andionetsa doko pa foni. Sitima zake kutalika ngati mafulati athu a ku Scarborough, kwathu kuno kutsidya kwa nyanja! Ulemu thukuta kamukamu, akulimbana ndi nkhanu. Kuno phala lopanda mchere. Sindidandaula, masiku akupita.

Lamulungu, 13 Julayi

Lero ndaona pa foni nyumba ya Ahaka, mtundu wa Sandra. Yadothi, yozungulira ngati nkhokwe, koma kukula kwake mudzi wathunthu. Khomo limodzi, chitsime pakati. Boniface mawu ali m'mwamba: "Amayi, taonani! Fuko lonse muno, agogo mpaka zidzukulu, palibe wogona kunja." Asewere akhala pakhomo akusenda adyo, chitenje changa chili paphewa, akundibayibitsa. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati mwana wanga waona zabwino.

Loweruka, 19 Julayi

Christine, mtsikana wa ku Chipata amene amatisamala, amandikonzera kabati. Watsegula sutikesi yachiwiri, ija analongedza Boniface yekha. Pansi pake jekete langa la chisanu. Mabuti a sinowo. Magolovesi. Kunjaku dzuwa likuswa mtengo, paja kuno Julayi ndi mwezi wotentha. Christine anangoti, "Amama, kansi sanakuuzeni?" Kenako anagwira pakamwa.

Masabata awiri a Julayi safuna jekete.

Lachiwiri, 22 Julayi

Atera dzulo. Ine katundu ndinamanga m'mawa, ndinakhala pampando ndi chikwama pamiyendo. Foni. "Amayi, tibwera Loweruka kudzakuonani." Kudzandiona. Sanati kudzanditenga. Ati andigulira kanyumba kozungulira kaja, kachidole, koti ndiziika pawindo. Nyumba yosagona munthu kunja, ine ndiziyionera pawindo.

Sindinamufunse kanthu. Pa foni munthu amabisa nkhope.

Katundu ndamasula. Jekete ndalipachika pachitseko penipeni. Akamalowa Loweruka, ayambe walipatsa moni ilolo.