Nkhafi ya Atate

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tikudzuka ndithu.

Boti lija lafika, ndipo amakanika amangirira kale injini. Liwiro lake, achimwene, misozi imachita kutuluka yokha! Ndikuphunzira pang'onopang'ono. Akuti pokhota ndizichepetsa moto kaye, apo ayi tidzagubuduka tonse.

Dzulo ndinatenga atate. Anakana kusiya nkhafi yawo ija, yomwe ankapalasira m'bwato lathu lakale, inu muli kutsogolo, ine pakati ndikukapa madzi. Titafika pokhota anaiviika monga mwa kale, madzi n'kuwalanda. Ndinabwerera kukaitola. Anaseka kwambiri, kenaka anandiitana dzina lanu, n'kufunsa ngati amayi aphika kale kunyumba. Amayi, achimwene, omwe tinawaika m'manda inu musanachoke. Zinazi sizilembeka.

Botili likathamanga limadzutsa mphuno, ndiye amakanika akuti pafunika munthu wokhala kutsogolo. Malo amenewo ndi anu kuyambira kale, sindinaikepo wina. Bwerani atate akadakumbukira dzina lanu.

Ndine mng'ono wanu,
wokapa madzi uja.