Mashedi Odikira Riboni

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani bwino ku Joniko. Ife kuno ku Mbedza tilipo, ana anu akupita kusukulu, kungoti ine mutu uja wayambiranso ndipo tulo ndikuchita kusaka.

Nkhani ndi ya mashedi amene komiti yathu yachitukuko inamanga kufupi ndi depoti kuti tauni yathuyi idzukenso. Anatha mvula isanagwe, koma akuti sitingalowetsemo munthu mpaka mlendo wolemekezeka wa ku Lilongwe adzadule riboni. Loweruka lapitali tinasesa, tinakolopa, mipando ndinayala ndekha, kwaya inaimba mpaka kusasa mawu. Dzuwa litapendeka kunabwera foni yoti bwana apita kumaliro, tsiku lina adzatiuza.

Chikundidya mtima ndi cha alamu, akazi anu. Atamva kuti shedi yawo yatha anasiya malo awo apamsewu aja, ndipo wina wakhalapo kale. Dzulo ndinawapeza kunja kwa mpanda wa mashediwo, mabulosi a kuphiri akuchucha m'dengu, wogula palibe. Anandifunsa kuti, "Alamu, sizasi ndili nayo kunyumba. Kapena riboni yanuyo ndi yachitsulo?" Pamwamba pa izi, malata a mashedi akumapeto ayamba kale kusowa.

Choncho zobwerera kudzatsegula golosale zija, dikirani kaye. Chonde musasiye ntchito. Muwaimbire alamu muwalimbitse mtima, poti ine mawu andithera. Mulungu akudalitseni kumeneko. Kuno Loweruka likubwerali tikasesanso.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane