Kathirakitala Pamapewa

Ostuni, mwezi wa Okutobala

Okondedwa achimwene a Profir,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga a Zinovia, ndi wa amayi. Kodi bondo lija likuwalolabe amayi kutsika m'chipinda chapansi kukatunga vinyo, kapena ayamba kutuma inu? Ngati akutuma inu, auzeni kuti atuma mphaka kukalondera mkaka. Ine kuno kudziko la eni ndili bwino, kupatula phewa lamanja, ndipo nkhani ya phewalo ndi imene yadzaza kalatayi.

Funso lanu la pafoni lija ndinalimva. Mukuti mwapeza kathirakitala koti mugule, koma malo omangapo shedi palibe kupatula pamene paima mtengo wa mabulosi umene anabzala agogo athu aamuna. Mukuti mtengowo ndi wa tonse awiri, choncho ndinene chisanu chisanayambe ngati mudule kapena ayi. Yankho lili kumapeto, koma musathamangireko ngati mmene munkachitira ndi mabuku a kusukulu. Yambani mwamva zimene ndaona.

Abwana anga a Oronzo, eni munda wa azitona umene ndimagwirako ntchito, nawonso agula kathirakitala katsopano mwezi wathawu. Ndi kofiira, kakafupi ngati bulu wokhuta, koti kazitha kulowa pansi pa nthambi. Ansembe anabwera kudzakawaza madzi odalitsa, ndipo pepala la pulasitiki la pampando mpaka lero sanachotse. Akazi awo, mayi Nunzia, amauza aliyense kuti chikwatirane mwamuna wawoyo sanawapukutepo nkhope mwachikondi ngati mmene amapukutira mphuno ya chitsulocho m'mawa uliwonse.

Pakati pa mundawo pali mtengo umene onse amautchula kuti Wamasiye, ati chifukwa mnzake amene anaima naye pafupi anapsa ndi mphezi kalekale. Thunthu lake ndi lopotoka ngati bulangete limene akulifinya, ndipo m'mphako mwake ndimabisalamo mvula osawerama. Zaka zake palibe akuzidziwa. Anthu a kuyunivesite anabwera ndi zingwe zoyezera, n'kungonena kuti unalipo tchalitchi cha m'mudzi muno chisanamangidwe. Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale nthawi yaitali, ndinkalemba zaka pabolodi n'kuzifufuta belu likalira, koma sindinkadziwa kuti zaka zimatha kuima panja n'kumabereka zipatso. Kumwera kwa kuno matenda aumitsa minda yathunthu, ndiye mtengo umenewu anthu amauzonda ngati mmene timazondera munthu wokalamba.

Lachiwiri lapitali a Oronzo ankasalaza nthaka pansi pa mitengo kuti tidzayale maukonde okololera. Kathirakitalako salola wina kukakhudza, choncho ankayendetsa okha, ine ndikutola miyala pambuyo. Atafika pansi pa Wamasiye ndinamva kaphokoso ngati ka njoka, kenaka chopalira cha kumbuyo chinagwa chokha, mano ake n'kuzama m'nthaka. Pansi pa mimba ya kathirakitalako pankatuluka oyilo uja wa m'mapaipi, amene amakapatsa mphamvu yonyamulira zitsulo. Ankatuluka mowonda ngati ulusi, koma a Oronzo asanazimitse injini panali patakhala kale chithaphwi chachikasu, chonyezimira, pa dothi lofiira.

Tsopano mumve zimene sangachite munthu wina aliyense padziko kupatula mlimi wa azitona. Mkuluyo anatsika, anagwada, anaviika chala m'chithaphwimo, n'kulawa. Sanaganize n'komwe, dzanja linangopita lokha, pakuti kuno munthu akaona mafuta achikasu amayamba walawa. Analavula ngati mphaka wameza tsabola, n'kunena kuti amene anayenga mafuta amenewo ngofunika kumangidwa. Mayi Nunzia, amene anali atafika ndi madzi akumwa, anawatchula bulu wokalamba, n'kuwafunsa ngati akufuna awabweretsere buledi woti asunsire.

Kuseka kunatha msanga. Tinaimbira makaniko wa kusitolo kumene anagula, mayi wina dzina lake Graziana, ndipo mawu ake ndinkawamva ndili chapatali. Ati asayerekeze kupapasa paipi ndi dzanja pofuna pamene pabooka, chifukwa oyilo ameneyo akamatuluka ndi mphamvu amaboola khungu ngati singano, dzanja n'kuwola. Ati asalizenso injini, chifukwa ipopera pansi oyilo yense wotsala. Iye anali kutali, akanatha kufika m'mawa mwake basi.

Koma kunyanja mitambo inali itayamba kuda. Mvula ikanagwa, ikanatsitsira oyiloyo ku mizu. Dothi loipalo linkafunika kukumbidwa tsiku lomwelo, koma kathirakitala kanali kataima pamwamba pake penipeni. Tinayesa kukankha, osasuntha. Tinayesa kumasula chopalira, koma zikhomo zake zinali zitakanirira ndi kulemera. Kukoka ndi thirakitala yaikulu ya aneba kukanathyola mizu ndi mano aja. A Oronzo anafika poganiza zothiramo mafuta awo a azitona kuti chopalira chinyamuke kamphindi, ati palibe chimene mafuta awo sanachizepo, koma mayi Nunzia anakhalira chigubu cha mafutawo. Kenaka ndinaona mkuluyo atatsamira thunthu la mtengo, chipewa chili m'manja, akulankhula nawo motsitsa mawu. Ndinayang'ana kumbali.

Amene anapeza nzeru ndi mayi Nunzia. Anaimbira a Cataldo, ogulitsa nyama, amene amatsogolera amuna onyamula chifanizo cha Woyera Roko pa chikondwerero cha mwezi wa Ogasiti. Anangowauza kuti Wamasiye ali pangozi, abwere ndi anthu awo ndi mitengo yonyamulira. Achimwene, ola lisanathe msewu unadzaza. Ometa tsitsi anasiya munthu ali ndi sopo kumaso, wina anabwera ndi ufa m'mikono, wina ndi jekete la ku ofesi. Pamwamba pa galimoto ya nyama panali mitengo iwiri italiitali, yosalala ndi mapewa a makolo awo, imene amaisunga kuseri kwa guwa.

A Cataldo anayamba ndi chipongwe. Ati iwe Oronzo, anzako amagula thirakitala kuti iziwanyamula, iwe wagula yoti tizikunyamulira? Kenaka anatiimika pamzere n'kumatiyeza mapewa ndi chikhatho, aatali kutsogolo, aafupi kumbuyo, chifukwa phewa limodzi likatalika limasenza katundu wa anthu atatu, likafupika mwini wake amangoyenda ulere. Ine ndinawakumbutsa kuti ndine wa mpingo wa Orthodox, mwina woyera wawo sangakondwe. Anayankha kuti aphunzitsi, mtengo sufunsa kalata ya ubatizo, umangofuna phewa, lowani apa pakati pa ophika buledi ndi okumba manda.

Analowetsa mitengo ija pansi pa kathirakitala, anaimanga ndi zingwe, ndipo mayi Nunzia anamangirira beseni lawo lokandiramo ufa pansi pa mimba yake kuti dontho lisagwenso. Tinawerama, aliyense phewa pamalo pake. Phokoso lonse linatha, moti ndinkamva masamba akukhudzana. A Cataldo anagogoda pa mtengo ndi chikhatho, n'kufuula mawu amodzi.

Chinanyamuka, achimwene. Chitsulo cholemera ngati ng'ombe ziwiri chinakwera m'mwamba mowongoka, mano aja n'kutuluka m'nthaka osadula ngakhale kamuzu. Poyamba ndinamva ngati fupa langa lithyoka. Kenaka tinayamba kuyenda kayendedwe kawo ka ponyamula woyera uja, kopendekera uku ndi uku pang'onopang'ono, ndipo kulemera kunachoka pa ine, kunangokhala kwa tonse. Ndinkamva mpweya wa munthu wa kutsogolo kwanga ukulowa nthawi imodzi ndi wanga. Wokumba manda anayambitsa nyimbo ya woyera uja mwanthabwala, ena anaseka, koma pofika ndime yachiwiri palibe ankasekanso. Nthambi za Wamasiye zinkakwecha denga la kathirakitala, zipatso zikutigwera m'makosi, amayi amene anaima m'mbali akudzilemba chizindikiro cha mtanda. Ine mawu a nyimboyo sindiwadziwa, koma ndinapezeka ndikuimba. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ine mwambiwu ndinkaufunsa ana pa mayeso, koma ndaumvetsa ndi phewa.

Tinakatula pabwalo la miyala, n'kubwerera kukakumba. A Oronzo analetsa khasu, kuopa kudula mizu. Tinkakumba ndi manja ndi zipande za kukhitchini, titavala magolovesi a mphira, dothi lakuda n'kumaliika m'migolo kuti likatayidwe koyenera. Tikutsika choncho, chala cha ophika buledi chinagunda muzu. Tinaupukuta pang'onopang'ono. Unali waukulu ngati ntchafu ya hatchi, wamakwinya, wozizira, ukulowera pansi kumene palibe wamoyo anafikako ndi maso. Oyilo anali ataima pamwamba pake pang'ono chabe, osaukhudza. A Cataldo, munthu amene amapha ng'ombe akuimba mluzu, anavula chipewa. Tonse tinangogwada pamenepo kuuyang'ana, ngati taona nkhope ya munthu amene sitinkayenera kumudzutsa.

Dzenje lija silinakwiriridwe ndi dothi la a Oronzo lokha. Popanda wowauza, aliyense anapita kumunda kwake n'kubwera ndi ndowa ya dothi labwino. Ine ndekha ndi amene ndinalibe munda wokatapako, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa phewa. Madontho oyamba a mvula anatipeza tikupondaponda pamwamba.

M'mawa mwake Graziana anafika, analiza injini pabwalo la miyala paja, n'kuyendetsa kachidutswa ka katoni m'mbali mwa mapaipi mpaka kananyowa. Vuto lonse linali kamphira kozungulira, kochepa ngati mphete ya mwana, kamene kanapanidwa molakwika pomanga. Anakasintha ulere poti kathirakitala n'katsopano. A Cataldo akuti kamphirako akapachike m'tchalitchi pamodzi ndi mitima yasiliva imene anthu ochiritsidwa amapereka pothokoza. A Oronzo alumbira kuti chitsulo chawo sichidzalowanso pansi pa Wamasiye, pamenepo pazilimidwa ndi khasu. Mukudziwa kale kuti khasulo ali nalo ndani.

Tsopano yankho lanu. Pamene ndinagwada pa muzu paja ndinaganiza za anthu onse amene anakhalapo eni mundawu. Aliyense wa iwo tsiku lina ankafuna malo a khola, a msewu, a shedi. Aliyense anali ndi nkhwangwa ndi chifukwa chomveka, ngati chanu. Mtengo uja wafika pamenepa chifukwa onsewo, mmodzimmodzi, anapita kukamanga kwina.

Ndiye pempho langa ndi limodzi: mabulosi aja musadule. Ndikudziwa kuti amadetsa zovala za alamu pa chingwe, ndipo nkhuku zikadya zimalemba pakhonde ndi inki. Ndikudziwanso kuti kulankhula n'kosavuta kwa munthu amene ali kutali. Choncho shediyo mangani pa malo anga aja a kuseri kwa khola la nkhumba, pamene ndinkati ndidzamangapo nyumba ndikadzabwerera. Tengani onse, ndanena ndi mtima umodzi. Ine ndikadzabwera ndidzagona m'chipinda chakale chija, bola podzuka ndizidzaona mtengowo pawindo.

Kathirakitala kanuko mukakagula, muziyang'ana pansi pake m'mawa uliwonse. Mukaona kanyowa, katoni, osati dzanja, ndipo chonde osati lilime. Musamakaimikenso pansi pa mabulosi, chifukwa kakadzadontha kumeneko onyamula ndi ndani? Amuna a m'mudzi mwathu tonse tili kuno. Mwatsala inu, ansembe, ndi mayi wa positi, ndipo mapewa anu salingana.

Kalatayi ndapatsira Grigore wa minibasi yobwera kwanuko, pamodzi ndi botolo la mafuta a chaka chatha ochokera kwa Wamasiye. Amenewo mukhoza kulawa. Mundiperekere moni kwa amayi, muwapsompsone dzanja m'malo mwanga. Moni kwa alamu anga, muwauze kuti chingwe cha zovala ndidzawasunthira ndekha pa Khirisimasi. Moni kwa azakhali a Eudochia, kwa mlongo wathu Lilia ndi ana ake, ndi kwa aneba amene akundikumbukirabe. Ndipo mukamadutsa pansi pa mtengo uja, mundisungire ndowa imodzi ya dothi lake. Kuno ndili ndi dzenje limene sindinathiremo kanthu.

Ndine mphwanu wa phewa limodzi,

Valeriu