Akufuna kundichotsera mwana kuti asatengere mtima wanga

Aphungu,

Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndine mayi wa zaka 27, ndili pachitengwa kwa amuna anga, a Fletcher, kuno ku Mavwere. Tili ndi mwana mmodzi, Mphatso, wa zaka zinayi.

Loweruka lapitali tikusoka fodya m'chigafa, apongozi anga aakazi anauza Mphatso kuti atsike pampando, mwana wamkazi amakhala pansi. Iye anawayang'ana n'kufunsa kuti, "Agogo, mwayamba mwaganiza musanalankhule?" Aganyu onse anafa nako kuseka. Sindibisa, mawuwo ndi anga, ndimawanena kwa bambo ake.

Tsopano apongozi agamula kuti mwezi wamawa Mphatso apite kwa alamu anga a Stelia ku Ludzi, akakulire kumeneko. Akuti, "M'mera n'poyamba. Akakwana zaka zisanu ali m'manja mwa ameneyu, tataya munthu." Amuna anga angoti, "Amayi anena," basi.

Chondiseketsa n'chakuti ine za khalidwe la munthu ndinaziphunzira zaka ziwiri ku yunivesite. Ndinachokako chifukwa ndinakana kupepesa mphunzitsi amene ndinamutsutsa m'kalasi, ndipo mpaka lero ndikuti wolakwa anali iye. Kumeneko ndinaona kuti akatswiri enieniwo sagwirizana. Ena amati munthu amabadwa ndi mtima wake. Ena amati zaka zoyambirira ndizo zimaumba zonse. Ena amati mwana amatola zimene akuona. Enanso amati munthu amasinthabe mpaka imvi. Ndiye gogo amene sanatsegulepo buku agamula bwanji mlandu wokanika mapulofesa? Ngati ndi magazi, ku Ludzi akamuthira ena? Apongoziwo ndinawafunsa zimenezo aganyu ali pomwepo, n'kuwonjeza kuti munthu amene iwo anaumba ndi mwamuna wangayu, amene satha kuyankha funso asanayang'ane amake.

Mwana wanga sapita. Kuli bwino azitchedwa wamwano kusiyana n'kukhala chopondera cha aliyense. Ndiuzeni mmene ndingawaletsere, koma za kupepesa musandiuze.

D.M., Mavwere, Mchinji

Mayi D.M.,

Mphatso asapite, pamenepo ndili mbali yanu. Mwana wa zaka zinayi sachotsedwa kwa mayi ake pofuna kulanga mayiyo, ndipo mabuku anu omwewo amanena mmene mwana amavutikira mumtima akalekanitsidwa ndi womulera. Makolo ali moyo, agogo amalangiza, sagamula.

Koma mwandiwerengera magulu anayi a akatswiri, kenako n'kukabisala kumbuyo kwa a magazi okha. Achitatu aja mwawadumpha dala. Mphatso sanabadwe ndi funso limene lija. Walimva kangati likuponyedwa kwa bambo ake? Kulimba mtima mpatseni ndithu, kudzamuthandiza kumene akupita. Chipongwe ndi katundu wina, ndipo akumutola m'nyumba mwanu.

Yambani ndi a Fletcher. Khalani pansi awiriwiri, muwafunse zimene iwowo akufuna pa mwana wawo, ndipo mudikire yankho ngakhale lichedwe. Mwamuna amene amanyozedwa akangotsegula pakamwa amathawira kwa amake. Mukawapatsa mpata, mwina mupeza kuti nawonso sakufuna mwana achoke.

Kenako itanani ankhoswe a mbali zonse sabata ino, atsibweni ake a Mphatso akhalepo. Mawu anu akhale ochepa: mwana akulira pano, kwa a Stelia azipita kukacheza. Wina akafuna kumutenga mokakamiza, pitani ku ofesi yoona za ana ku Boma.

Mwati ndisanene za kupepesa, koma ndinena. Pa kukana kwanu musapepese. Pepesani chifukwa chochititsa manyazi apongozi pamaso pa aganyu awo, ndipo Mphatso akhalepo aone. Ameneyu amagwira msanga, mwadzionera nokha. Aphunzire kuti munthu angathe kugwada popanda kugonja.

Chenjerani ndi tsiku la ankhoswelo. Padzakhala ena ongodikira kuti mupse mtima, anene kuti, "Mwadzionera nokha mmene alili." Mukapita kukapambana mtsutso, mudzapambanadi, pakuti pakamwa muli napo. Koma Mphatso akadzakwera njinga ya ku Ludzi tsiku limenelo, womukweza mudzakhala inu.

Aphungu