Mimba ya Márcia

Lolemba, 2 Junho 2025

Márcia wathiranso mchere m'ndiwo yekha. Sanandiitane.

Pakhomo pano timaphika mphika umodzi, ife akazi a ana awiri a apongozi. Lamulo ndi lomwe lija la makolo: amene ali kumwezi sakhudza mchere, amaitana mnzake kuti amuthirire. Ine ndakhala ndikumuthirira Márcia mwezi ndi mwezi chimubweretsereni Bento chaka chatha. Komaliza kundiitana munali mu Janeiro. Sikuti ndimawerenga. Koma yakwana miyezi inayi.

Apongozi nawonso amawerenga. Ndawaona akuyang'ana dzanja la Márcia, kenaka n'kuyang'ana ine.

Ine zaka zisanu ndi ziwiri pabanja ndi Osvaldo. Zakumwezi zanga zimabwera ngati shapa, minibasi ya kuno ku Domwe, nthawi yadzinja, mwina katatu pachaka. Chaka choyamba nanenso anandiwerengera miyezi chonchi. Anatopa.

Lachitatu, 4 Junho

Zatsimikizika, ati. Tikusankha kachewere pakhonde, apongozi anaona buluza ya Márcia itanyowa pachifuwa. Mkaka. Analuluta mpaka agalu a kwa a Romano anayankha. Anatsegula bokosi lawo n'kumupatsa kapulana, nsalu ya chitenje ya maluwa ofiira, ija ndakhala ndikuiona ikupindidwa ndi kupindulidwa zaka zonsezi. Matumba onse khumi ndi awiri ndanyamula ine, poti mwanayu asanyamule zolemera.

Madzulo apongozi akumwaza gaga: "Magazi a ana anga alibe vuto. Aliyense waona." Ankauza nkhuku. Nkhukuzo zinali pakhomo pa nyumba yanga.

Lachisanu, 6 Junho

Ndamva ndili kuseri kwa nkhokwe. Chisamba cha Márcia, choti anankungwi amulangize za mimba yoyamba, chidzachitika Loweruka pa 21. Chikadzatha adzaitana ankhoswe akwathu kuti "akambirane za a Adelaide", ndiye kuti za ine. Mwana wamkazi wa a Romano watchulidwa kawiri, ngati woyenera Osvaldo. Yemwe uja anabereka ali pasukulu. Chaka chatha apongozi ankamutcha chochititsa manyazi cha mudzi, lero wasanduka umboni woti dimba ndi lachonde.

Ndamufunsa Osvaldo. "Amayi amangoyankhula." Ndati nanga inuyo mumawayankha chiyani? Pomwepo anakumbukira kuti tcheni cha njinga yake chikufuna mafuta.

Lamulungu, 8 Junho

Ku misa Márcia wavala kapulana ija. Pamimba pali see ngati thabwa. Ndaona ndekha, koma ndikanena ati nsanje. Ndipo ndi nsanjedi.

Lachitatu, 11 Junho

Apongozi anandituma kuperekeza Márcia kuchipatala ku Ulongwe kuti akayambe sikelo. Iyeyu anakulira kwa agogo ake ku Dedza, Chiputukezi chake chimathera pa moni. Sukulu yanga ya mpaka kalasi lakhumi imakumbukiridwa pakakhala mapepala.

Namwino anali mayi wa kumunsi kwa Zambezi, wachangu, Chichewa chake cha pamsika basi. Anayeza mkodzo. Kamzere kamodzi. Anatenga kena n'kuyezanso. Kamodzi. Anatitumiza ku ekografiya, kumene anapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyang'ana mkati pa kanema nthawi yaitali. Titabwerera namwino anayang'ana ine, osati mwini wake. "Muuzeni kuti mulibe mwana."

Ndinamuuza. M'Chichewa ndi mawu ochepa kwambiri.

Ndilembe zoona, poti kope ili silipita kwa padiri kukalapa: mtima wanga unavina. Ndinamugwira paphewa, nkhope ya pamaliro, m'katimu ng'oma ikulira.

Kenaka mafunso, ine ndili pakati. Mutu umapweteka? Inde, pafupifupi tsiku lililonse. Maso akuona bwino? Inde. Pali mankhwala ena amene akumwa? Ayi. Namwino anajambula mutu wa munthu papepala n'kuika kadontho pakati. Akuti pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati khobwe, kamene kamatulutsa timadzi tolamula thupi, totchedwa maormona. Ena mwa iwo, prolaktina, ndi a mkaka. Akachuluka thupi limayesa kuti likuyamwitsa: msambo umaima, mkaka umatuluka, mimba siibwera. Akayezetse magazi ku Tete, akaonenso chithokomiro cha pakhosi chifukwa nacho chimatha kuyambitsa zomwezi. Zikatsimikizika mapiritsi alipo, ndipo ambiri amadzabereka.

Ambiri amadzabereka. Ndinamasulira ndi pakamwa pangapa. Ng'oma ija inathera pomwepo.

M'shapa pobwerera Márcia anandiitana ngati mkulu wake: "Mana, chonde musawauze amayi. Ndiyambe ndawauza a Bento." Ndavomera. Kunyumba apongozi anafunsa za sikelo, ndati tayenda bwino.

Lachinayi, 12 Junho

Márcia wamuuza Bento. Sanakalipe, sanapite kumowa. Anangofunsa kuti shapa ya ku Tete imanyamuka nthawi yanji. Kachewere wamusiya pakati pokumba. Amayi ake wawauza kuti namwino akufuna magazi akayezedwe ku Tete, zomwe si bodza.

Ine Osvaldo anandiperekeza kwa asing'anga atatu. Mizu yowawa, mphini m'chiuno, nkhuku yakuda. Magazi anga anayezedwapo malungo okha.

Ndafika posirira matenda a munthu. Ake ali ndi dzina, lolembedwa papepala lachidindo. Anga amatchedwa Adelaide.

Lachiwiri, 17 Junho

Tabwerako. Tinanyamuka dzulo titavala majuzi awiriawiri, kukafika ku Tete thukuta kamukamu. Bento njira yonse ankamufunsa ngati akufuna madzi. Munthu ali ndi manja ake.

Zotsatira lero m'mawa: prolaktina wakwera kwambiri, chithokomiro chili bwino. Dotolo, mayi wa magalasi, wapereka mapiritsi. Ayambe ndi theka, azimwa atadya, adzabwerenso kudzayezetsa. Maso akayamba kuchita chimbuuzi kapena mutu ukanyanya, asadikire tsikulo.

Iwo atatuluka ndinatsalira ngati ndaiwala chikwama. Ndinanena zanga mothamanga, maso pansi: msambo katatu pachaka, thupi kumangonenepa, titsitsi ta pachibwano timene ndimazula Loweruka lililonse ndisanapite kumsika. Sanadabwe n'komwe. Akuti akhoza kukhala maormona enanso, okhudza mazira, koma iye salota, ayeze kaye. "Ndipo amuna anu abwere. Sitiyeza theka la banja."

Wandilembera mapepala awiri. Ali m'kope muno.

Lachinayi, 19 Junho

Mapiritsi akumupatsa Márcia nseru ndi chizungulire, monga ananenera dotolo. Wasanza kuseri kwa kozinya, kanyumba kophikira. Apongozi kusangalala: "Wamwamuna ameneyo! Aamuna ndiwo amazunza chonchi." Atumiza kale uthenga kwa ankhoswe anga. Lamulungu masana.

Mawu atatu okha, Márcia alibe mimba, zonsezi zikanagwa. Ndinatsegula pakamwa pamene ankandituma kusinja chimera cha thobwa la chisamba. Ndinatsekanso. Sindikudziwa ngati ndi chifundo kapena ndikufuna akwere kaye pamwamba penipeni.

Lachisanu, 20 Junho

Márcia pachitsime: "Mana, mundinenere ndinu, ine ndikuopa." Ndati ayi, ndamasulira zokwana. Ndikanena ine adzati ndakulodza, mimba ndaichotsa ndine. Analira. Ngakhale polira amaoneka bwino.

Loweruka, 21 Junho

Anankungwi anafika dzuwa lisanatenthe, anayi. Ndikulowa ndi mtsuko wa thobwa, apongozi anaima pakhomo. "Ikani pompo, a Adelaide. Muno mumalowa amene anaumvapo ululu wake." Ndinaika. Ndinakakhala pa mtondo panja.

Nyimbo ziwiri zinatha, yachitatu inadukira pakati. Zii. Kenaka mawu a Márcia, aang'ono, akulimbana ndi kutchula prolaktina. Namkungwi wina anati mokweza, "Ine ndinaona polowa pomwe, mchombo sunama!" Amene ankaimba kuposa onse ndi yemweyo.

Apongozi anatuluka, mpango utapendekeka.

"Munkadziwa?"

"Masiku khumi."

"Osanena?"

"Mukanandikhulupirira, amayi?"

Anayang'ana mtsuko uja nthawi yaitali. Ndinayembekeza. Ndinali nditakonza nkhope yoti ndilandirire kupepesa.

"Matenda akewo ali ndi mankhwala?"

"Ali nawo."

"Ndiye abereka mwanayu."

Anabwerera m'nyumba kukamupukuta misozi. Thobwa linamwedwa lonse, ena anatengako m'zigubu. Ngakhale alibe mimba akundiposabe. Za mawa sanasinthe.

Lamulungu, 22 Junho

Amalume anabwera ndi mkulu wina wakwathu, anakhala pansi pa mpichesi. Apongozi anayamba za zaka zisanu ndi ziwiri, za dzina la malemu amuna awo lomwe likusowa wolitenga, za kuti iwo alibe chidani ndi munthu. Ndinawasiya amalize. Kenaka ndinagwada, ndinaika mapepala awiri pa mphasa, ndinawerenga mayina mokweza. Langa. La Osvaldo.

"Mwana wanga sakayezedwa ngati ng'ombe ya pamsika!"

Amalume anakanda ndevu. "Pepani asewere, ine sindinapite kusukulu. Koma dzulo amene anayeza ndi maso anapeza chiyani?"

Bento anatsamwa ndi malovu ake omwe.

Agwirizana kuti za mwana wa a Romano ziime mpaka zotsatira zibwere, za anthu awiri. Mmodzi akakana kupita, nkhani ili pa iye. Osvaldo ankangoyang'ana dzina lake papepala ngati la munthu amene anamumvapo.

Lolemba, 23 Junho

Ndinapita pokwerera shapa ya ku Tete ndekha, chisanu chili mbee pa udzu. Podzuka Osvaldo anali atatembenukira kukhoma, sindinamudzutse. Patatsala malo awiri anatulukira, atavala malaya a ku misa ndi chipewa. Anakhala pambali panga, maondo atapanikizidwa ndi thumba la anyezi la mayi wina.

Titadutsa Ulongwe n'kuyamba kutsetsereka ananong'ona, maso ali pawindo:

"Nanga akakapeza kuti ndine?"

"Ndiye kuti mwana wa a Romano wapulumuka."

Sanaseke.

Ndikulemba ndili pa benchi la kuchipatala. Ayamba kuitana iye, walowa. Chipewa wandisiyira, chili pabondo langa, chonyowa ndi thukuta.