Paja Ndinakhala Chete pa Kanema

Loweruka, mwezi wa Juni, kuno ku Lobi. Kwazizira zedi, koma mtima uli myaa.

Galimoto ya kanema yabweranso madzulo ano, nsalu yoyera n'kuimanga pakhoma la sukulu. Kalaliki wofotokoza zithunzi anali atasasa mawu ndi chimfine, ndiye anthu anafuula, "Itanani a Mbewe, aja satopa n'kulankhula!" Nditamva dzina langa, ndinapita kutsogolo. Chibwerere kanemayu anthu anasiya kufuna nthano zanga. Ndikanalephera lero, ndani akanandimveranso?

Zithunzizo n'zakuda ndi zoyera basi, koma dzuwa linkawala m'chimanga ngati ulikhudze. Ndinasimba, aliyense kumupatsa dzina, ndi galu yemwe. A Nabanda anakuwa, "Galuyo mwamudziwira kuti, madala?" Ndinati, "Ngwa apongozi anu!" Kuseka kwake!

Kenaka mwamuna wa m'kanemamo ananyamuka wa ku Joni. Mkazi wake anaima pakhomo osalira, akungopotokola nsonga ya nsalu yake. Kalaliki anandikodola, "Lankhulanitu, bambo!" Ine duu. Ndikanawonjezapo chiyani? Wojambulayo ndi katswiri, chisoni chonse anachiika m'zala za mayiyo. Bwalo lonse zii, kumbuyo kokha amayi akusisima.

Pobalalika, a Nabanda, amene amuna awo anapita ku Joni kalekale osabwerako, anandigwira dzanja. "Mwasimba bwino lero, madala. Makamaka paja munakhala chete."

Ena ati mawa ndikawauze zomwe mayi uja ankaganiza. Zomwezo ndiye sindinena, angakhale andipatse fodya, chifukwa zala zake zija zinanena kale zonse.